Mwana wobadwa kumene salowa yekha pa inshuwalansi

Akonzi,

Makolo ambiri apantchito kuno ku Dedza amaganiza kuti mwana akabadwa amalowa yekha pa inshuwalansi ya zaumoyo ya bambo kapena mayi ake. Sizili choncho. Pamafunika kudzaza fomu yowonjezera mwana kuntchito kwanu, n'kuperekanso chiphaso chobadwira cha ku NRB (nthambi ya boma yoona za kalembera wa nzika) kapena kalata ya kuchipatala, kenaka kutsatira mpaka dzina lake lilowe. Mukachedwa, mabungwe ena amaika nthawi yodikira, ndiye khanda likadwala chibayo m'kuzizira kwa mu Juni, pachipatala cholipira mumapisa m'thumba.

Alimi a kachewere ku Bembeke alibe mwayi umenewu n'komwe. Boma likulitse mgwirizano wake ndi zipatala za mipingo za CHAM kuti ana onse osakwana zaka 5 azithandizidwa kwaulere.

Wokhudzidwa,
Dedza