Kalata kwa a Nduna ya Zaulimi: chamba cha mafakitale chifike m'minda ya alimi a ku Thyolo

Olemekezeka a Nduna,

Ndikulemba kuchokera ku Thekerani kuno ku Thyolo, m'malo mwa kagulu kathu ka alimi. Nkhani yathu ndi ya chamba chosazunguza bongo, chija amati cha mafakitale. Titayamba kuikamba kuno, akuluakulu ampingo ndi mafumu ena anatikayikira, ndipo sindiwada. Mawu oti chamba kwathu kuno amabwera ndi apolisi komanso ana osokonekera mitu. Tinakhala nawo pansi miyezi ingapo mpaka anamvetsa kuti tikunena mbewu ya luzi ndi mafuta, yoti munthu ataisuta angotsokomola osaledzera.

Mu February 2020 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo la Cannabis Regulation Act. Amene anabweretsa bilu ija anali a Kondwani Nankhumwa, mwana wa ku Mulanje, ali pa mpando womwe mwakhalapowu. Kumbuyoko, mu 2015, a Boniface Kadzamira a ku Ntchisi ndiwo anayambitsa nkhaniyi m'nyumbamo anthu akuwaseka. Tinamva pa wailesi kuti mbewuyi idzathandiza dziko pamene fodya akutha mphamvu, ndipo tinakondwa. Zaka zapita, ndipo m'dera lathu lonse sindinaonepo ngakhale mzere umodzi wa mbewuyi m'munda wa mlimi wamba.

Chifukwa chake si chobisika. Ziphaso zitayamba kuperekedwa ndi bungwe la Cannabis Regulatory Authority, cholimira chamba cha mafakitale anachiika pa madola 2,000, cha mankhwala pa madola 10,000. Madola, a Nduna, kwa munthu amene amagulitsa nandolo pa sikelo ya vendala! Kenaka kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu May 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu November 2023, kutanthauza kuti chiphaso chomwecho chinakwera mtengo mlimi ali chigonere. Pamwamba pake pali mpanda, mbewu yochokera kunja ndi maulendo opita ku Lilongwe. Lamulo linatsegula chitseko, koma olowa ndi okhawo a matumba akuya.

Inu mukudziwa mmene malo alili kuno. Kumene nthaka ili yabwino kuli tiyi ndi makadamiya a maesiteti, ife tinapanikizana m'zitunda ndi m'mbali mwa mitsinje, banja lonse pa kamunda koti ukhoza kukalima m'mawa umodzi. Kale nthochi ndizo zinkatisunga. Malole ankanyamula mikoko kuchokera ku Thekerani ndi ku Masambanjati kupita ku Limbe, ndipo ine sukulu ndinaphunzira ndi ndalama za nthochi za bambo anga. Matenda a chisaka anabwera n'kupsereza zonse; tinazula ndi manja athu zimene makolo anabzala. Tinathamangira ku nandolo, koma mu 2017 dziko la India litachepetsa kugula, mtengo unagwa mpaka ena anangomusiya m'matumba afumbwe. Namondwe wa Freddy mu March 2023 anakokolola nthaka yotsalayo kuno ndi ku Mulanje. Anthu otere akapempha mbewu ina yoyesa, sakupempha mwamasewera.

Sitikunena kuti mbewuyi ndi yozizwitsa, ndipo pamenepa ndi pamene tikufuna boma kwambiri. Chamba cha mafakitale chimakhwima pa miyezi itatu kapena inayi. Khungwa lake limatulutsa luzi la zingwe, nsalu ndi mapepala, mtima wa phesi amausakaniza ndi laimu pomanga nyumba, njere zake amayenga mafuta ndipo zotsalira zake n'chakudya cha ziweto. Koma chili ndi makhalidwe ake. Sichikonda nthaka ya asidi wambiri, pamene nthaka yathu ya kuno, imene tiyi amaikonda, ndi yotero kumene. Sichifuna madzi odikha. Mitundu yambiri ya ku Ulaya inazolowera masiku aatali a chilimwe cha kumeneko. Ikabwera kuno imafulumira kuchita maluwa isanatalike, luzi n'kukhala lochepa. Kafukufuku wa mbewuyi anachitikira ku Chitedze, ku Lilongwe, komwe nthaka ndi mvula n'zosiyana ndi zathu. Chonsecho tili ndi malo a kafukufuku a boma ku Bvumbwe, pakhomo penipeni. Bwanji osaika minda yoyesera kumeneko, ina n'kuiika kwa alimi a ku Thekerani, ku Luchenza ndi kutsinde kwa phiri la Mulanje, kuti tione ndi maso mtundu umene ukugwirizana ndi dera lino? Ikakanika, tidziwe msanga tisanataye ndalama.

Palinso nkhani ya malire. Lamulo limati chamba cha mafakitale chisapyole 1 peresenti ya THC, chinthu chija choledzeretsa. Mlimi sangayeze zimenezi ndi maso. Mungu wa chamba chinacho ukafika m'munda mwake ndi mphepo, iye n'kusunga njere monga timachitira ndi chimanga cha makolo, mbewu ya chaka chotsatira ikhoza kupyola malire iye osadziwa. Kodi ameneyo adzatengedwa ngati wolakwitsa ulimi kapena wogulitsa mankhwala ozunguza bongo? Tikufuna yankho lolembedwa, m'Chichewa ndi m'Chilomwe, limene alangizi, apolisi ndi mafumu adzalimve chimodzimodzi.

Njira yogwirira ntchito ndi alimi ang'onoang'ono sitikuchita kuiyamba lero. Alimi a tiyi ang'onoang'ono ku Mulanje ndi ku Thyolo akhala m'magulu kwa zaka zambiri: amalembetsa, amathyola masamba, galimoto imabwera, sikelo imayeza, fakitale imagula. Madandaulo a mitengo alipo, koma dongosololo likuyenda. Chamba cha mafakitale chikhoza kuyenda momwemo. Chiphaso chikhale chimodzi cha kopaletivu yonse, mtengo wake m'makwacha, wolipira pang'onopang'ono mbewu ikagulitsidwa. Mayina a alimi ndi minda yawo zilembedwe ku ofesi ya zaulimi ya m'dera, kuti woyendera adziwe pofikira.

Chomwe timaopa kwambiri ndi msika. Tamvapo za anzathu a m'maboma ena amene anasonkha ndalama kwa anthu olonjeza kugula, mapeto ake n'kutsala ndi ngongole. Mapesi a chamba ndi katundu wolemera komanso wodzaza malo, moti kuwanyamula mtunda wautali n'kungodyetsa a malole. Pakufunika makina osendera luzi ndi oyengera mafuta pafupi, mwina ku Luchenza komwe misewu ya Thyolo ndi Mulanje imakumana, ndiponso wogula amene wasainira mgwirizano boma likuona, mlimi asanaponye njere pansi.

Kagulu kathu kakonzeka kupereka malo oyesera, aliyense kachigawo ka munda wake, ndipo a mfumu avomera. Tikupempha kuti mutitumizire akatswiri a ku Bvumbwe adzayeze nthaka yathu mvula isanagwe, ndipo ngati mungadzafike nokha, tidzakuonetsani pamene panali nthochi paja.

Ine wanu,
Mlimi wa ku Thekerani, Thyolo