Tisaiwale a Keyala amene anakocheza ku Madagascar

Akonzi,

Chaka chilichonse mwezi wa Novembala ukafika timaika nkhata za maluwa pa chipilala cha asilikali ku Zomba, ndipo zolemba zambiri zimakamba za anyamata athu a Keyala (King's African Rifles) amene anakamenya nkhondo yachiwiri ya padziko lonse ku Abyssinia (Ethiopia) ndi ku Burma. Ndalemba kalatayi kuti ndikumbutse owerenga za nkhondo ya ku Madagascar ya mu 1942, imene inachitikira pafupi ndi ife kutsidya kwa nyanja ya Mozambique, koma kawirikawiri siitchulidwa.

Pa nthawiyo chilumbachi chinali m'manja mwa boma la Vichy la ku France, limene linkamvana ndi Germany. Angelezi ankaopa kuti Japan, imene inali italanda Singapore mu Febuluwale chaka chomwecho, ikhoza kusandutsa doko lalikulu la Diego Suarez kukhala malo a sitima zake zoyenda pansi pa madzi, n'kutseka njira ya sitima zopita ku Egypt ndi ku India. Motero anasonkhanitsa sitima ku Durban, pamodzi ndi ziwiri zonyamula ndege, Illustrious ndi Indomitable, ndi sitima yaikulu ya mizinga ya Ramillies. Za panyanja anaziyang'anira Neville Syfret, pamene asilikali oti akatsike pamtunda anali pansi pa Robert Sturges.

Chimene chimandigometsa ine ndi mmene anasankhira pokocheza. Khomo la doko lili kum'mawa, ndipo kumeneko n'kumene kunali mizinga ya adani. Kumadzulo kunali matanthwe a m'madzi ndi mabomba otchera, moti asilikali a France ankakhulupirira kuti palibe sitima ingadutse kumeneko usiku. Okonza nkhondoyo anasankha njira yoopsa yomweyo. Sitima zochotsa mabomba zinatsogola mumdima, zina zikutsatira pamzere, ndipo m'bandakucha wa pa 5 Meyi asilikali anatsika ku Courrier Bay ndi ku Ambararata Bay. Nthawi yomweyo sitima ya Hermione inali kum'mawa ikuombera ndi kuwalitsa kumwamba kuti adani aganize kuti nkhondo ikulowera kumeneko. Ngakhale zinali choncho, asilikali atafika pafupi ndi tauni ya Antsirane, imene ili pa dokolo, anakumana ndi malinga olimba amene sanawayembekezere, ndipo zinthu zinaima mpaka usiku wa pa 6 Meyi, pamene sitima ya Anthony inalowa padoko mothamanga ndi kutsitsa asilikali 50 okha kumbuyo kwa adani. Chisokonezo chimene anthu ochepawa anayambitsa chinathandiza kuti tauniyo igonje pa 7 Meyi.

Kulanda doko limodzi sikunathetse nkhondo, chifukwa bwanamkubwa Armand Annet anakana kupereka chilumba chonse. Apa ndi pamene a kwathu analowerapo. Pa 10 Sepitembala asilikali anakochezanso ku Majunga, kumadzulo kwa chilumba, ndipo gulu la 22nd East African Brigade, m'mene munali asilikali a Keyala ochokera ku Nyasalande pamodzi ndi anzawo a ku Kenya ndi ku Tanganyika, linapatsidwa ntchito yotsata msewu wautali wopita ku likulu la Tananarive. Mkulu woyang'anira nkhondo yonseyi William Platt ankafulumira chifukwa mvula inali pafupi, ndipo aliyense wodziwa misewu yafumbi akudziwa chimene dzinja limachita ndi galimoto zolemera. Adani ankagwetsa mitengo, kuunjika miyala mumsewu ndi kuononga milatho, kuphatikizapo wa pa mtsinje wa Betsiboka, kotero kuti ntchito yambiri ya asilikali athu inali yochotsa zotchinga ndi manja, kwinaku malungo akuwagwetsa. Analowa mu Tananarive pa 23 Sepitembala, kenaka anapitiriza kum'mwera kudzera ku Ambositra ndi ku Fianarantsoa, mpaka Annet anavomera kuleka nkhondo pa 6 Novembala ku Ambalavao.

Taganizani za mnyamata wa ku Ntcheu kapena ku Dedza amene madzi aakulu ankangowadziwa a Nyanja ya Malawi, mwina osawaona n'komwe, akutsika pa sitima ndi mfuti ndi katundu kumsana n'kulowa m'kabwato kogwedezeka ndi mafunde a madzi amchere. Pempho langa kwa inu, Akonzi, n'lakuti mwambo wa chaka chino usanafike mutumize mtolankhani m'midzi kukacheza ndi ana ndi adzukulu a asilikali amenewa, chifukwa m'nyumba zina mukhoza kupezeka mendulo, zithunzi ndi makalata a ulendo wa ku Majunga.

Ine wowerenga wanu,
wa ku Zomba