Ndiye nawenso wayamba kuthandiza andale?

Bwanawe,

Kalata yako yafika, ndipo ndaseka mpaka mlamu wako kundifunsa ngati mwatuluka ndalama mu envelopumo. Ndiye iweyo, munthu woumira ngati iwe, unatapa madola 5 n'kupereka ku kampeni ya munthu wofuna mpando wa ku Senate, imodzi mwa nyumba ziwiri za malamulo za ku America? Ndipo ukuti chiperekereni foni yako sikupuma, mauthenga m'mawa, masana ndi usiku, onse akulira kuti dziko likugwa ukapanda kutumiza ina dzuwa lisanalowe. Pepa wawa. Unaponyera fupa galu wa eni, pakhomo sachokanso ameneyo.

Wandifunsa ngati ndalama zimagula chisankho. Ine ndikuti sizigula nthawi zonse, ndipo umboni uli komweko kwanuko. Michael Bloomberg mu 2020 anamwaza ndalama za m'thumba mwake zoposa madola 1 biliyoni pofuna kuimira chipani cha Democratic pa chisankho cha pulezidenti, koma pa zisankho zachipulula anapambana ku tizilumba ta American Samoa kokha, n'kuzisiya mu Malichi momwemo. Kamala Harris, popikisana pa mpando wa pulezidenti mu 2024, anatolera zoposa 1 biliyoni m'miyezi itatu yokha, koma anagwa. Ovota si mbuzi ayi.

Chimene chimandisowetsa tulo n'china. Ndalamazo zimagula nthawi ya wandale, ndi khutu lake. Mu 2013 kunatuluka chikalata chimene akuluakulu a chipani cha Democratic ankalangiza nacho aphungu atsopano a ku Congress, kuti pa tsiku azipatula maola anayi oimbira foni anthu opereka ndalama. Maola anayi, bwanawe! Munthu amene anthu anamutuma kukawayankhulira, atakhala m'kachipinda, akupempha. Ndipo akuimbira ndani? Iwe wa madola 5 uja amakutumizira uthenga wa makina. Amene amawaimbira ndi pakamwa pake ndi aja otha kulemba cheke chonenepa. Ndiye tsiku lonse akumva madandaulo a anthu olemera, za misonkho yawo, za malamulo amene akupinga makampani awo. Pofika madzulo mutu wake wadzaza ndi nkhawa zimenezo, za lendi ndi mabilu a kuchipatala alibenso malo oziika. Sakuchita kumuuza kuti avote bwanji. Amangozolowera kuganiza ngati anthu amene amacheza nawo. Palibe wapalamula, palibe womangidwa, koma zinthu zapotoka.

Ndipo chitseko anachitsegula ndi oweruza. Pa mlandu wa Citizens United, mu Januwale 2010, khoti lalikulu la Supreme Court linagamula, oweruza asanu kwa anayi, kuti makampani ndi mabungwe a antchito akhoza kuwononga ndalama zopanda malire pa zisankho, bola asapereke m'manja mwa wopikisanayo. Akuti kuwononga ndalama ndi ufulu woyankhula. Chabwino, ndiye amene ali ndi zambiri ndiye ali ndi pakamwa papakulu. Chisankho cha 2020, cha pulezidenti ndi cha aphungu pamodzi, chinadya madola pafupifupi 14 biliyoni. Elon Musk yekha mu 2024 anaponyapo zoposa 250 miliyoni kuthandiza Donald Trump ndi chipani chake, kuphatikizapo zija ankagawa madola 1 miliyoni pa tsiku kwa ovota osayina chikalata chake m'zigawo zolimbirana monga Pennsylvania. Ndimaganiza kuti iwe uli pafupi unasayina, ndinayamba kale kukonza mndandanda wa zofuna zanga.

Koma n'zoona, madola 5 akowo akundipweteka mumtima. Ine ndakupempha kangati kuti unditumizire foni yakale ija unasiya kugwiritsa ntchito? Umati zinthu zathina. Wabwera mlendo wovala suti, sakudziwa n'komwe dzina lako, wakulembera "mnzanga wokondedwa", iwe pompo khadi la kubanki latuluka. Ine bwenzi lako la kuyambira tili ana ndilembe bwanji kuti undimvere? Ndiyambe nanenso kuti dziko likugwa? Mlongo wako wamng'ono akuti nayenso ayambitsa chipani, mwina ndiye uzimuyankha mauthenga. Malume ako ati ndikuuze kuti mawa udzapereka madola 50, mkuja adzakuitana ku phwando la opereka ndalama, ujambulitse ndi senatayo mano onse pamtunda, ifeyo n'kutiiwaliratu. Iwo anayankhula moseka, koma ine ndazilingalira usiku wonse.

Sindikunena kuti unalakwa. Mwina tindalama tating'ono ta anthu ambiri ndi timene tingachepetse mphamvu za zikwama zazikuluzo, Bernie Sanders anayendetsa kampeni zake ziwiri zofuna upulezidenti makamaka ndi ndalama za mtundu umenewo. Kungoti zimandiwawa kuti munthu wosauka azichita kusonkha kuti amvedwe ndi munthu amene anamuvotera kale. Voti ija inali ya chiyani?

Tasungulumwa, iwe. Kulibenso wokangana naye nkhani ngati izi, enawa ndikangoyamba amati ndale zatitopetsa n'kusintha nkhani.

Ndikadaiwala, mkazi wa achimwene ako wachira, ndi mapasa, onse ali bwino. Ndikufotokozera bwino ulendo wina, pepala landithera ndipo dzanja lachita dzanzi. Koma usanatumizenso kakhobidi kalikonse kwa munthu ameneyo, uyambe wamufunsa kuti sabata yathayi anaimbira ndani, komanso za foni ija, ngati batire lake likadali...