Tisamatseke paipi yopumira injini za malole

A Mkonzi,

Ndiloleni ndilankhule ndi eni malole komanso amakaniko anzanga a kuno ku Thyolo ndi ku Mulanje pa nkhani ya paipi ija imalendewera pansi pa injini ya dizilo n'kumatulutsa utsi wotuwa ndi madontho a oyilo, imene ku galaja timaitchula kuti breather. Malole ambiri amene amanyamula tiyi, nthochi, mchenga ndi simenti mumsewu wa M2, kuchokera ku Muloza kudzera pa Luchenza ndi pa Bvumbwe mpaka ku Limbe, ndi akale, ndipo akamakwera zitunda za Thyolo atasenza katundu paipiyi imafuka kwambiri. Chikundidetsa nkhawa n'chakuti ena, pofuna kubisa utsiwu, amaipinda paipiyo n'kuimanga ndi waya, kapena kuitseka ndi chikuni, osadziwa kuti akuipha injini.

Dizilo akamayaka pamwamba pa pisitoni, mphamvu yake imakhala yaikulu moti mpweya wina wotentha umazemba m'mbali mwa malingi a pisitoni n'kutsikira m'chipinda chimene mumazungulira crankshaft, chitsulo chimene mapisitoni amazunguza, pamwamba pa sampu, momwe mumakhala oyilo. Izi zimachitika ngakhale pa injini yatsopano, kungoti zimakula malingi akayamba kutha. Mpweyawu umakhala ndi mwaye, nthunzi ya madzi ndi timadontho ta oyilo, ndipo ukatsekeredwa umachita ngati madzi owira mumphika wovundikira: umadzipezera wokha potulukira. Poyamba dipstick, kachitsulo koyezera oyilo, imatumphuka pamalo pake, kenako magasiketi amayamba kuchucha, ndipo pamapeto pake oil seal yakumbuyo kwa crankshaft, imene imaletsa oyilo kutuluka, imagonja. Ikatero oyilo amanyowetsa kilachi, lole imayamba kulira chabe pachitunda osakoka, ndipo kuti seal yaing'onoyo isinthidwe pamafunika kutsitsa giyabokosi yonse.

Kuisiya paipiyo yotsegula n'kwabwinopo kusiyana ndi kuitseka, koma nakonso kuli ndi vuto lake. Oyilo amene amadontha mumsewu wa tala amauchititsa kukhala woterera chiperoni chikamawaza, ndipo amene amavutika ndi anyamata a kabaza pamodzi ndi anthu amene awanyamula. Pofuna kupewa kuipitsa malo ndi mlengalenga, injini zambiri zamakono zimabweza mpweyawu kuti ukapse m'masilinda. Ku America, malamulo anayamba kulamula kuti mpweya umenewu uzibwezedwa m'injini kapena kuwerengedwa pamodzi ndi utsi wa ku ekizosi pa injini zazikulu za dizilo kuyambira chaka cha 2007.

Njira yabwino ndi yoika kachipangizo kolekanitsa oyilo ndi mpweya, kamene mkati mwake mumakhala fyuluta, ndipo apa ndi pamene ntchito imafuna kuigwira modekha. Kachipangizoka kazikhala kolingana ndi kukula kwa injini, chifukwa kopangidwira galimoto yaing'ono sikangakwanitse mpweya wa lole ya matani khumi. Kamangidwe choimirira, pamalo olimba ndiponso okwera kuposa pamene oyilo amalekeza musampu, kuti oyilo amene kagwira azitsika yekha. Paipi yoyamba imachokera pa breather kulowa m'kachipangizoka. Yachiwiri imatenga mpweya wosefedwa kukaulowetsa pakati pa air cleaner ndi tebo (turbo, imene imapopera mpweya m'injini), osati kumene mpweya umatulukira mu tebo, chifukwa kumeneko mpweya ndi wopanikizika ndipo ungakankhidwire m'injini m'malo mokokedwa. Yachitatu imabwezera oyilo musampu, ndipo imeneyi imafuna valavu yolola oyilo kutsika koma yoletsa mpweya kukwera. Ndaonapo lole imene anaiwala kuikapo valavu imeneyi, ndipo mpweya unkakwera ndi paipiyo n'kumautsanso oyilo yemwe anali atasefedwa kale.

Mapaipi akhale opirira oyilo ndi kutentha. Paipi ya madzi a kumunda kapena ya radiator imafufuma, kufewa n'kuphwafuka mkati pamene kunja ikuoneka yabwinobwino. Isachepe kuposa ija inabwera ndi injini, isapindike, ndipo isakhale ndi malo olendewera pamene oyilo ndi madzi angadikhe, makamaka m'miyezi yozizira ya June ndi July pamene nthunzi imasanduka madzi msanga. Makilampu amangidwe molimba, pakuti kabowo kalikonse pakati pa air cleaner ndi tebo kamalowetsa fumbi la m'misewu ya Thekerani ndi Makwasa molunjika mu tebo.

Pali zinthu ziwiri zimene ndikupempha amakaniko anzanga kuti asiye. China ndi kutenga valavu ya PCV, imene imabwezera mpweyawu m'injini ya galimoto ya petulo, n'kuiika pa dizilo. Valavu imeneyi imadalira kukoka kwamphamvu kumene kumakhala mu manifold, njira yolowetsera mpweya m'masilinda a injini ya petulo, kumene injini ya dizilo ilibe. Dizilo ili ndi valavu yakeyake imene imachepetsa kukoka kwa tebo kuti kusapitirire muyeso, makamaka air cleaner ikatsekeka. Chinacho, choopsa kwambiri, ndi kulumikiza breather ku tebo popanda chosefera. Oyilo amadzaza mu intercooler, imene imaziziritsa mpweya wochokera mu tebo, ndipo popeza injini ya dizilo imatha kuyaka ndi oyilo wake womwe, tsiku lina imangoyamba kuthamanga yokha, utsi uli tolo, osamvera ngakhale dalaivala atazimitsa kiyi. Zikafika pamenepo imazima pokhapokha mutatseka polowera mpweya ndi chinthu cholimba ngati thabwa, osati ndi dzanja, kapena kuizimitsa ndi giya yapamwamba mutaponda mabuleki.

Eni malole adziwenso kuti kachipangizoka si mankhwala a injini yotha. Injini itatentha ndipo ikulira pang'onopang'ono, masulani chotsekera pothirira oyilo n'kuchikhazika pakamwa pake. Chikangonjenjemera pang'ono palibe chodandaulitsa, koma chikamakankhidwira m'mwamba ndi utsi wotuluka mwamphamvu, ndiye kuti malingi kapena masilivu, momwe mumayenda mapisitoni, afuna kuonedwa, ndipo fyuluta iliyonse imene mungaike idzadzaza msanga. Fyulutayo nayonso iyenera kusinthidwa pa nthawi imene opanga ake analemba, chifukwa ikatsekeka zotsatira zake n'zofanana ndi za paipi yomangidwa ndi waya ija. Amene anaika kachitini kongosunga oyilo osamubwezera musampu azikakhuthula kawirikawiri, ndipo oyiloyo asamamutayire m'ngalande zopita mu Thuchila kapena mu Ruo, mmene anthu amachapa ndi kutunga madzi othirira mbewu.

Pempho langa ku bungwe la TEVETA ndi sukulu zophunzitsa ntchito zamanja n'lakuti phunziroli alipatse malo okwanira pophunzitsa achinyamata za injini za dizilo. A Road Traffic nawonso, poyeza malole kuti apereke COF, aziwerama n'kuona ngati paipi yopumira ili yotsegula kapena yolumikizidwa bwino, komanso ngati sikudonthetsa oyilo pansi.

Makaniko wa malole,
Luchenza, Thyolo