Amayi oyembekezera azifunsa nambala ya magazi awo ku sikelo

Akonzi,

Ndiloleni ndiikepo mawu pa nkhani ya amayi amene amathiridwa magazi pobereka. Ambiri kuno ku Lusaka amaiona ngati tsoka longogwa, amvekere mayi anali bwinobwino, magazi anangoyamba kutayika. Nthawi zina zimaterodi. Koma ndagwira ntchito ya uzamba mpaka kupuma, ndipo kwa amayi ambiri amene ndinawaona akuthiridwa magazi, vuto linali litaonekera kale ku sikelo, mimba ikadali yaing'ono.

Palibe mayi amene amabereka osatayako magazi. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati akataya mamililita 500 kapena kuposerapo pasanathe maola 24 chiberekereni, ndiye kuti wataya mopyola muyezo. Tsono chimene chimasiyanitsa amayi ndi magazi amene analowa nawo m'chipinda choberekera. Woyembekezera akayezedwa n'kupezeka kuti Hb yake, nambala yosonyeza ngati magazi ali okwanira m'thupi, ili pansi pa 11, magazi ake ndi ochepa. Ikatsika pansi pa 7, zafika poopsa. Mayi wa 12 atha kutaya theka la lita n'kudzuka kukasamba yekha. Mnzake wa 8 akataya omwewo amachita chizungulire, mtima kuthamanga, ife n'kuyamba kuimba mafoni kufunafuna magazi pakati pa usiku. Nambala imeneyi ndi yofunika kuti mayi aidziwe pamtima monga adziwira tsiku loyembekezera kuchira. Funsani kuti, "Asisita, magazi anga ali pa chiyani?" Si mwano ayi.

Zochepetsa magazi tikuzidziwa: malungo, njoka za m'mimba, kubereka pafupipafupi, matenda a sickle cell, ndi nsima ya tsiku ndi tsiku yopanda ndiwo zokwanira. Mapiritsi a ayironi ndi folic acid amaperekedwa ku kiliniki, koma ambiri amathera pansi pa matiresi. Wina akuti amamuchititsa nseru, wina waopa chimbudzi chakuda, wina wauzidwa ndi apongozi kuti mwana adzakula kwambiri n'kukanika kutuluka. Chimbudzi chakudacho sichoopsa, ndi ayironi yemweyo. Nseru imachepa mukamwa piritsi mutadya kapena pogona. Zoti mwana amakanirira chifukwa cha mapiritsi, zimenezo n'zabodza, ndipo apongozi anzanga, tasiyani kuopseza ana. Fansidar wa malungo nayenso amwedwe, neti igonedwe. Kapenta, nyemba, chiwawa, bonongwe ndi nyama ikapezeka zimathandiza, koma tiyi asamwedwe pamodzi ndi chakudya chifukwa amatchinga ayironi kulowa m'thupi. Ndipo mayi amene sakhala osatafuna dothi, nthawi zambiri thupi lake likudandaula za ayironi, akayezetse.

Pali amayi ena amene ngakhale magazi awo ali okwanira, ngozi yotaya magazi ambiri imawayandikira. Amene anachitidwapo opaleshoni pobereka, amene ali ndi mapasa, amene ali ndi zotupa m'chiberekero, amene wabereka kambirimbiri, wa BP yokwera, ndi amene anatayapo magazi ambiri pa uchembere wam'mbuyo. Kawirikawiri chimachitika n'chakuti mwana akatuluka, chiberekero chotopa kapena chotanuka kwambiri chimalephera kukhwinyata kuti chitseke mitsempha pamene panali nsengwa. N'chifukwa chake timabaya jekeseni wa oxytocin mwana akangobadwa. Kunyumba jekeseni ameneyu kulibe. Nsengwa nayo itha kukhala m'munsi n'kutseka njira, kapena kumatuka mwana asanabadwe. Sikani imaonetsa pamene nsengwa yakhala, choncho musangofunsa ngati ndi mwamuna kapena mkazi. Magazi alionse otuluka mimba ili yaikulu, ngakhale popanda ululu, ndi a kuchipatala tsiku lomwelo.

Mayi wotere akauzidwa kuti akachirire ku chipatala chachikulu muno mu Lusaka, kaya ku Matero, Kanyama, Chawama, Chilenje, Chipata, kapenanso ku University Teaching Hospital (UTH) ndi ku Levy Mwanawasa, asakanirire kiliniki ya pafupi poti ndi kumene amadziwana ndi anamwino. Akumutumiza kumene kuli madokotala a opaleshoni. Za mankhwala azitsamba ofulumizitsa kubereka, ndinena mwachidule: atha kung'amba chiberekero.

Kwa abambo tsopano. Magazi sapangidwa ku fakitale, amachokera m'mikono ya anthu. A bungwe losonkhanitsa magazi la Zambia National Blood Transfusion Service amadalira kwambiri ana a sukulu ndi a m'makoleji, moti sukulu zikatsekera magazi amachepa, pamene amayi akuberekabe usana ndi usiku. Munthu wamkulu wathanzi amapereka pafupifupi mamililita 450 ndipo thupi limabwezeretsa lokha. Komanso magazi ayenera kuyamba ayezedwa HIV, hepatitis ndi chindoko asanathiridwe mwa munthu, ndiye kutambasula mkono pakhonde la wodi mkazi wanu atakomoka kale sikumupulumutsa usiku umenewo. Pitani mukapereke magazi pamene mimba ya mkazi wanu ikadali ya miyezi inayi kapena isanu, mutengenso anzanu a ku tchalitchi ndi a ku mpira.

Pomaliza ndipemphe anamwino amene akadali pa ntchito. Ndikudziwa kuti mzere umakhala wautali ndipo manja ndi ochepa, koma mukalemba Hb pa khadi, muuzeni mayiyo nambalayo m'Chinyanja, ndi tsiku loti abwere mudzamuyezenso.

Mzamba wopuma,
Chawama, Lusaka