Lipoti la Ulendo wa ku Blantyre: Pikapu Yoti Tigule ndi Kumanga

A Wapampando, a Mlembi, a Msungichuma ndi mamembala nonse a gulu lathu lopanga magalimoto a mawaya kuno ku Mangochi,

Munandituma ku Blantyre kuti ndikakhale nawo pamsonkhano wa anthu omanga timagalimoto ta pulasitiki togulitsidwa m'mabokosi tili zidutswazidutswa. Funso munandipatsa linali limodzi: ndalama tasonkha zija zingokwana bokosi limodzi kapena awiri, ndiye tigule pikapu iti? Ndayenda bwino, ndipo za thiransipoti tawerengerana kale ndi a Msungichuma.

Anthu sanali ambiri, koma aliyense anabwera ndi ntchito ya manja ake. Nditatulutsa pikapu yathu ya mawaya ija, yamatayala a zitsekerero za mabotolo, inazungulira tebulo lonse. Bambo wina wachikulire anaitembenuza, nakhotetsa chiwongolero, kenako anati amene anapinda mawayawa saopa ntchito yofuna kudekha. Ndi bambo omwewa amene anakhala nane nthawi yaitali, ndipo zambiri zili m'lipoti muno ndinaziona patebulo pawo.

Choyamba kuyang'ana pabokosi si chithunzi ayi, koma nambala ya muyeso. Akalemba 1/24 ndiye kuti kagalimotoko n'kochepa ka 24 poyerekeza ndi yeniyeni: pikapu yotalika mamita 4.8 imatuluka masentimita 20. Makampani a ku Japan monga Tamiya, Aoshima ndi Hasegawa amakonda 1/24, pomwe a ku America monga AMT ndi MPC amakonda 1/25. Kusiyana kwake n'kochepa, koma mukaziimika pamodzi diso limaona. Palinso 1/35, umene kwenikweni ndi wa magalimoto a nkhondo, ndi 1/10 wa magalimoto oyendera rimoti, omwe mtengo wake si wa thumba lathu. Ine ndikuti tisankhe muyeso umodzi n'kukhazikika pomwepo, kuti patsogolo matayala ndi tizida totsala tizigwiranso ntchito pa galimoto ina.

Mtsutso waukulu unali pa injini. Mabokosi ambiri a ku America amakhala ndi injini yomanga payokha ndi boneti yotseguka. Ndinaona Ford ya 1953 ndi Chevrolet ya 1950, zonse za AMT, ndipo sindinama, zinandikopa mtima. Koma bambo aja anatsegula bokosi losamanga n'kundipatsa chidutswa chimodzi kuti ndichiyang'anitse kuwala. M'mphepete mwake munali kapulasitiki kopyapyala ngati mamba a usipa, kotayikira pomwe chikombole sichinatsekeke bwino. Anandifotokozera kuti ena mwa mabokosiwa amaumbidwa ndi zikombole za m'zaka za m'ma 1960. Bokosi limakhala latsopano, chithunzi chowala, koma chikombole chinakalamba. Anayesa kukhazika kabini pa chesisi popanda guluu: mbali ina inakhala, mbali ina inatukuka, mpata wake wolowa chikhadabo. Munthu wozolowera amapala, kumata ndi kuwongola mpaka zitheke. Kwa mwana wa Sitandade 7 amene akugwira koyamba, mpata umenewo ndi wokwanira kuti ataye mtima.

Mabokosi ambiri a ku Japan alibe injini; boneti ndi yotseka, ndipo za pansi anangoziumba pamodzi ndi chesisi. Achinyamata ena pamsonkhanopo ankati galimoto yopanda injini ndi chidole chabe. Ine sindikugwirizana nawo, makamaka poyambira. Zidutswa zikachepa, maso onse amapita pa thupi, penti ndi magalasi, ndipo izi ndi zomwe munthu amaona galimoto ikaikidwa pashelefu.

Tsopano pamtima pa nkhani. Ndikupempha kuti tigule Nissan Sunny Truck ya Hasegawa, muyeso wa 1/24. Nditangoiona patebulo ndinaizindikira ndisanawerenge dzina. Ndi m'bale weniweni wa Nissan 1400, kapikapu kaja kankapangidwa ku Rosslyn pafupi ndi Pretoria mpaka 2008, komwe abale athu ena anabwera nako kuchokera ku Joni. Pali kusiyana pang'ono, monga pa magetsi ndi zokongoletsa za kutsogolo, koma thupi ndi lomwelo. Chiwongolero chili kumanja ngati kwathu kuno, poti ku Japan nakonso amayendera kumanzere kwa msewu, pomwe Ford ndi Chevrolet zija chili kumanzere. Ndalama zikalola bokosi lachiwiri, likhale Toyota Hilux ya Aoshima, ya 1/24 yomweyo.

Chifukwa changa n'chakuti galimoto zimenezi timazidziwa ndi maso. Ford ya 1953 tingaimange molondola chotani pomwe palibe mwa ife anaikwerapo? Koma pikapu ya matola tonse tinakhalapo kumbuyo kwake, mwendo utapanikizika ndi dengu la usipa, popita ku Monkey Bay kapena pokwera mapiri a ku Namwera. Tikudziwa pomwe dzimbiri limayambira, pomwe penti imasupuka chifukwa cha zingwe zomangira katundu, mmene masipuling'i akumbuyo amagonera ikalemedwa. Tikakayika, tingoyenda kupita pa depoti n'kukaona. Zitsulo zogwirira kumbuyo zija sizipezeka m'bokosi, koma ife ndi anthu a mawaya, tidzapinda tokha. Madengu tingaluke timlaza, matumba a chimanga tisoke tinsalu. Pamenepo ndi pomwe luso lathu lakale lidzakumane ndi latsopanoli, ndipo chotulukacho chidzakhala galimoto ya ku Mangochi.

Za zipangizo sindichulukitsa. Chowengera zikhadabo chimadula zidutswa pa timafelemu tomwe zimabwera zitalumikizidwapo m'bokosi, lezala ndi sandipepa yosalala zimapala. Chokhacho chosasinthanitsa ndi guluu. Amene amafunika ndi wa pulasitiki yamtunduwu, amene amasungunula pang'ono mbali ziwirizo n'kuzilumikiza kukhala chinthu chimodzi; wa Tamiya wamadzimadzi amapakidwa ndi kaburashi ka pachitsekerero. Anandipatsa galasi lotsala kuti ndiyesere super glue wathu wa pa hokala. Patapita kanthawi galasilo linachita nkhungu yoyera mozungulira pomwe ndinadontheza, yosachoka ndi nsalu. Pa magalasi tizigwiritsa ntchito guluu woyera wa akalipentala, pang'ono chabe, ndi kansonga ka kamtengo. Penti tigule ya acrylic, yomwe burashi yake imatsukika ndi madzi isanaume.

Kutentha kwa kwathu kuno ndinakufunsa mwapadera. Pulasitiki imeneyi imapindika ikatenthedwa, choncho bokosi lisasiyidwe padzuwa, m'galimoto yotseka kapena pamwamba pa khoma pafupi ndi malata. Timapepala ta zilembo ndi manambala, tomwe timanyikidwa m'madzi kuti timatike, timawonongeka ndi chinyontho, ndiye tizisunga m'kapulasitiki kotseka bwino. Kupenta kuzikhala m'mamawa, dzuwa la Okutobala lisanakwere ndiponso fumbi lisanadzuke.

Kagulidwe ndi komwe kukufuna nzeru za tonse. Anzathu aja ena amaitanitsa pa intaneti, koma anachenjeza kuti mtengo wotumizira umatha kufanana ndi wa bokosilo. Njira yomwe ndikuiona yabwino ndi abale athu a ku Joni, poti ku Johannesburg kuli masitolo a zinthu zimenezi. Amene tim'tume tim'tumizire pa WhatsApp chithunzi cha bokosi, dzina la kampani ndi muyeso, ndipo agule losatsegula. Logulidwa kwa munthu likhoza kutsika mtengo, koma likasowa galasi kapena tayala limodzi palibe komwe tingakalipeze kuno. Pobwera nalo aliike pakati pa zovala, osati pansi pa katundu.

Loweruka likubwerali ndikupempha kuti tigwirizane zinthu ziwiri: ngati tikuvomereza Sunny Truck, komanso ndani ali ndi m'bale amene akubwera kuchokera ku Joni Disembala asanafike. Amene muli ndi mafoni a kamera, mukaona Nissan 1400 pa depoti kapena pamsika, pemphani mwini wake kaye, kenako muijambule mbali zonse, ndi kumbuyo komwe. Galasi lochita nkhungu lija ndabwera nalo, mudzaligwira nokha.

Ine nthumwi yanu.