Kalata yotseguka kwa a Nduna ya Zamaphunziro: amene timaphunzitsa aphunzitsi tinaphunzira mosiyana

Olemekezeka a Nduna,

Ndine mmodzi mwa anthu amene timaphunzitsa aphunzitsi ku TTC, koleji yophunzitsa aphunzitsi a pulayimale, ndipo ndikulemba kalatayi nditatopa ndi ulendo wa TP, woyendera ophunzira athu amene akuyeserera kuphunzitsa m'masukulu, fumbi lidakali m'makutu, ndiye mundikhululukire ngati ziganizo zina zikuthamanga. Nkhani yanga ndi ya CPD yathu ife malekichala, maphunziro owonjezera luso tili pantchito, imene imatitenga ngati tonse tinachokera khomo limodzi pomwe si choncho.

Ine ndinaphunzira uphunzitsi wa ku sekondale. Zaka zinayi ndikuphunzira phunziro langa, njira zophunzitsira zinali pang'ono chabe, ndipo TP ndinakachitira pa ana a Fomu 3 amene amatha kukopera manotsi okha pabolodi. Nditabwera ku TTC palibe amene anandikhazika pansi kundiuza kuti kuno ndi kwina, anangondipatsa taimutebulo ndi mamodulo basi. Ndiye ndinkaphunzitsa momwe ndinaphunzitsidwira, kuima kutsogolo kuyankhula ola lathunthu za njira zoti mwana azitenga nawo mbali m'kalasi, ophunzira anga ali phee akulemba. Mpaka pano ndikaganiza ndimaseka ndekha.

Chinandidzidzimutsa chinali tsiku lina pa sukulu ina yakumudzi ndikuyendera mtsikana wina, wophunzira wathu wa pa TP, mu Sitandade 1. Ana oposa 100 atakhala pansi, ena akulira, wina wagona, wina akudya chimanga chokazinga cha m'thumba la malaya. Mtsikanayo anayesetsa koma zinakanika, atamaliza anandifunsa mwaulemu kuti bwana, nanga liwu la lembo ili ndiwaphunzitse bwanji poti akungotchula dzina lake? Ine kukamwa yasa. Ndinayamba kumudzudzula za lesoni pulani kuti sanalembe bwino zolinga, poti ndi zokhazo ndinkadziwa kuika mamalikisi. Mayi wina wachikulire, mwini kalasiyo, anangoimirira kuwomba m'manja katatu, kuyambitsa kanyimbo, ana onse maso kwa iye, kenako anajambula lembolo pamchenga ndi chala nkuwauza aliyense ajambule pamsana pa mnzake. Mphindi zisanu zokha. Ine wa digiri ndili pakona ndi fayilo yanga.

Mayi ameneyo anadutsa mu MIITEP, pulogalamu yophunzitsa aphunzitsi ali kale pantchito. Mukukumbuka a Nduna kuti 1994 pulayimale itakhala yaulere ana anachoka pa 1.9 miliyoni kufika cha m'ma 3 miliyoni, boma linalemba anthu masauzande osaphunzira uphunzitsi, ndiye kuyambira 1997 MIITEP inkawatenga miyezi itatu yokha ku koleji kwinako aziphunzira ali pantchito. Ena mwa anthu amenewo anadzalimbikira sukulu, ena anapita ku Domasi, ena ku Mzuni, lero tili nawo limodzi mu sitafu rumu ngati malekichala. Mnzanga wina wotero kalasi ya ana aang'ono amaidziwa ngati khomo la kwawo, koma mukangoti kafukufuku kapena mutsegule laputopu amayamba kutuluka thukuta, ndipo amadzikayikira pamaso pa ife a madigiri a sekondale pomwe ifeyo ndi amene tikuyenera kumamugwadira. Palinso achinyamata amene anadutsa mu IPTE, maphunziro a uphunzitsi wa pulayimale amene anayamba mu 2005, chaka chimodzi ku koleji china ku sukulu, awa nawo ali ndi zawo zimene amazitha ndi zimene zimawavuta.

Ndiye tonsefe mumatiitanira ku wokishopu imodzi, mutu umodzi, mapepala amodzi. Kapena kunena zoona, amapita awiri ku Mponela kapena ku Mangochi masiku atatu, akabwera amatifotokozera kwa mphindi 30 nthawi ya tiyi, ena akuyang'ana pafoni ena akufunsa kuti alawansi inali zingati. Sindikunama, nanenso ndinalandirapo ndipo inandithandiza kugula feteleza, koma sindinabwereko ndikudziwa kuphunzitsa mwana wa zaka zisanu ndi chimodzi kuwerenga. Zimene munthu anazolowera pa maphunziro ake oyamba sizichoka ndi masiku atatu a mu hotelo, amangowonjezera mawu atsopano pamwamba, mmawa wake nkubwerera ku choko ndi manotsi akale aja. Pomwe National Reading Programme, pulogalamu ya boma yophunzitsa ana kuwerenga, inkayamba mu 2016 tinaloweza bwinobwino njira yake yophunzitsira yoti ndichita, tichitire limodzi, chita wekha, koma angati mwa ife anaziyesapo pa ana enieni?

Zabwino zilipo, sindikukana. Kusintha kwa IPTE mu 2017 kuti ophunzira azikhala matemu awiri ku koleji, awiri ku sukulu, awiri kubwereranso kunathandiza, chifukwa akabwerako amabwera ndi mafunso enieni, ndipo mafunso amenewo ndi amene amationetsa kuperewera kwathu. Ndondomeko ya CPD ya 2018 imatchulanso ife ophunzitsa aphunzitsi, osati a pulayimale okha. Koma papepala ndi pansi pano pali mtunda.

Pempho langa silofuna ndalama zambiri. Lekichala watsopano asanapatsidwe gulu, afunsidwe kaye kuti unaphunzira chiyani, unaphunzitsapo ana a msinkhu wanji, ndipo ngati ali ngati ine akakhale temu yathunthu mu Sitandade 1 kapena 2 pa sukulu ya demo, pulayimale yoyesererapo kuphunzitsa imene ili pafupi ndi koleji, kalasi ikhale yake, osati kungowonerera ali pampando kumbuyo. Ngakhale ife akale tizibwererako pakapita zaka zingapo. Mnzanga wa MIITEP uja mundiphatikize naye, iye andiphunzitse kugwira ana, ine ndimuthandize kulemba kafukufuku wa m'kalasi mwake, ndipo a Teachers Council, bungwe loyang'anira ntchito ya uphunzitsi, akamawerenga mapointi a CPD aziwerenga zimenezo osati masatifiketi a mawokishopu okha.

Temu ikubwerayi ndapempha ndekha kwa ahedi a pa demo kuti azindipatsa Sitandade 1 Lachiwiri ndi Lachinayi mmawa. Avomera, ngakhale anandiyang'ana ngati ndasokonezeka mutu. Mukadzadutsa dera lino mudzaime mudzaone ana akundichita chipongwe.

Ine wanu,
Lekichala wa pa TTC ina m'chigawo chapakati